Tebulo la Mizere Inayi

1

Amuna anga anandifunsira ndi nkhani ya makompyuta. Musaseke, ndi zoona. Anzanga ankalandira maluwa ndi mauthenga otsekemera, ine ndinalandira phunziro, nditakhala pampando wopanda chotsamira m'chipinda chonunkha waya wopserera.

Kampaniyo inali yathu, ya pabanja. Anaiyambitsa malemu bambo athu, ndipo atamwalira anaitenga achimwene. Tinkapanga timabokosi towerengera mabuku ana osaona. Mwana akadina batani, kabokosi kamamuwerengera buku mokweza. Ine ntchito yanga inali yoyesa. Ndinkayatsa kabokosi kalikonse, n'kudikira kuti kagetsi kobiriwira kawale ndiponso kuti ndimve mawu akuti, "Moni, tiyeni tiwerenge." Kakatero, kalowe m'katoni.

M'kati mwa kabokosi mumakhala kakhadi kosunga zonse. Zapakhadizo zimakonzedwa kaye pa kompyuta zonse pamodzi, chinthu chimene kuntchito timachitcha imeji, kenako n'kuchikopera pa makhadi ambirimbiri. Wopanga imejiyo anali mnyamata wamtali, wosalankhulalankhula, wovala malaya osasita bwino.

"Chemwali, tabwerani muone," anandiitana tsiku lina. "Khadili lili ngati nyumba ya zipinda zitatu: cha pulogalamu, cha mabuku, ndi cha mawu. Koyambirira kwake kuli tebulo la mizere, lonena pomwe chipinda chilichonse chayambira ndi pomwe chathera."

"Ndiye ine zikundikhudza pati?"

"Dikirani kaye. Kompyuta mukaisiya yokha imajambula tebulo la mizere 128, ngakhale zipinda zili zitatu zokha. Koma makina athuwa ndi amakani. Kapulogalamu kowadzutsa amakafuna pamalo amodzi okha, pafupi penipeni ndi tebulolo. Tebulo likakula limagona pamwamba pa chodzutsacho, basi makina sadzukanso. Ndiye ine ndimalidula kuti litsale ndi mizere inayi."

"Bwanji inayi, zipinda zili zitatu?"

Anakanda m'mutu, maso ali pa kiyibodi.

"Wachinayiwo ndikusungira munthu wina, ngati angavomere."

Ndinaseka mpaka misozi. Chaka chisanathe ndinali nditavomera.

2

Zaka zinapita, imvi zinayamba kutuluka m'mbali mwa mutu wanga. Mwana sitinakhale naye, koma amuna anga sananditonzepo ngakhale tsiku limodzi. Kuntchito anthu anawapatsa dzina lakuti a Mizere, chifukwa wantchito watsopano aliyense ankamuimika tsiku loyamba n'kumulalikira za tebulolo mpaka miyendo kuwawa. Koma kumuonetsa mmene amalidulira, zimenezo ayi. Malamulo ake, mawu ouza kompyuta chochita, ankawatayipa kuchokera m'mutu, chitseko atatseka, ndipo sanawalembepo paliponse.

Ngakhale ine anandimana.

"Bambo, nanga mutadwala?" ndinkawafunsa.

"Ndikadwala mudzabweretse kompyuta kuchipatala," ankayankha akuseka.

Chifukwa chake ndinkachidziwa. Achimwene sankawakonda. Ankakonda kunena pagulu kuti mlamu ndi mlendo pakampani, ndiponso kuti palibe munthu amene sangalowedwe m'malo. Amuna anga zimenezi zinkawalowa mumtima. Tebulo lija ndi limene linkawapatsa malo pabanja pathu, ndiye analikumbatira ngati mwana.

Kenako kunabwera Mzime. Ameneyu ndi mng'ono wanga, wotsiriza m'mimba mwa amayi, n'chifukwa chake tinkangomutcha choncho. Amayi atamwalira ndinamulera ndine, kuyambira ali wosadziwa kumanga nsapato. Atamaliza maphunziro a makompyuta anabwera kudzakhala kwathu, ndipo achimwene anamuika m'chipinda cha amuna anga kuti azithandiza. Ndinasangalala. Madzulo tinkadya atatu, iwo akukangana za makina, ine ndikuwauza kuti patebulo lodyera sitikamba za tebulo linalo.

Chaka chachiwiri chibwerere Mzime chili m'kati, amuna anga anayamba kusintha. Ankachedwa kufika kunyumba, pomwe kuchokera kuntchito ndi pafupi, ndipo ndikawafunsa komwe anali ankangoti, "Ndimayenda chabe." Tsiku lokumbukira ukwati wathu linadutsa ali duu. Ndikamawauza nkhani ankandiyang'ana ngati maganizo ali kwina. Tsiku lina anatuluka kukagula buledi, anabwerako patapita nthawi yaitali ali chimanjamanja, Mzime ali pambuyo pawo.

"Ndinakumana nawo panjira," anatero Mzime, maso ali pansi.

Mtima wanga unagunda kamodzi mwamphamvu, koma ndinaukhazika pansi. Ndinadziuza kuti ndi mwana wanga ameneyu.

3

Amene ananditsina khutu ndi mayi wosesa m'maofesi mwathu. Anandipeza ndikumata makatoni, n'kuima pambali panga akupukuta malo oyera kale.

"Mayi, ine sindikonda zolankhulalankhula," anayamba motero, monga amayambira onse okonda zolankhulalankhula. "Koma chitseko cha a Mizere masiku ano chikumakiyidwa, anthu ali awiri m'kati."

"Amakiya kuyambira kale. Ndi ntchito."

"Kale ankakiya ali okha."

Ndinamuuza kuti asamale pakamwa pake, koma mawuwo anandikhala. Ndinayamba kuona zimene poyamba sindinkaona. Ndikalowa m'chipinda ankasiya kulankhula. Pakudya, amuna anga akakakamira pakati pa chiganizo, Mzime ankawamalizira mawu, ngati munthu wodziwa za mumtima mwawo kuposa ine. M'mawa ankawakumbutsa makiyi, foni, magalasi. Ntchito zanga zonse za mkazi wapanyumba anali atazitenga mwakachetechete.

Tsiku lina masana ndinatenga kiyi wapadera mu ofesi ya achimwene. Ndinayenda chonyang'ama m'khonde, nsapato zili m'manja, mayi wamkulu ngati ine. Nditatsegula, zimene ndinaona sindidzaziiwala.

Mzime anali pampando wa amuna anga, mpando umene ngakhale ine sindinaukhalepo. Zala zake zinali pa kiyibodi, ndipo pa sikirini panali tebulo lija, akulidula yekha. Amuna anga anali atagwada pambali pake, mutu atautsamiritsa paphewa lake, dzanja lamanzere la Mzime lili pamsana pawo.

Kunena zoona, sindidziwa chimene chinandipweteka kwambiri, mutu uli paphewawo kapena tebulolo. Chinthu chimene anandimana ine zaka zonsezi, anali atachipereka kwa mng'ono wanga.

"Pitirizani," ndinatero. "Musadodome chifukwa cha ine."

Mzime anadzuka mofulumira mpaka mpando kugwa.

"Achemwali, si zimene mukuganiza."

"Ndiye ndi chiyani?"

Anatembenukira kwa amuna anga. "Alamu, auzeni. Chonde auzeni."

Iwo anangoimirira pang'onopang'ono n'kupukuta nkhope. Maso awo anali ofiira. Ndinaganiza kuti ndi manyazi a munthu wogwidwa.

"Bambo, ndikumva," ndinatero.

Anandilambalala n'kutuluka m'chipindamo.

4

Madzulo a tsiku lomwelo ndinatulutsa katundu wa Mzime panja. Zovala, mabuku, ngakhale chithunzi cha amayi chimene chinali pambali pa bedi lake. Anthu oyandikana nafe anatuluka, ena akunamizira kuanula zovala zimene zinali zisanaume.

Mzime anagwada pakhonde n'kundigwira mwendo.

"Achemwali, ndinalumbira kuti sindinena. Ndipatseni mpata ndilankhule ndi alamu, akuuzani okha."

"Mpaka kulumbirirana? Zafika pamenepo?"

"Mundimvere kamodzi kokha."

"Ndakumvera kuyambira uli ndi mamina. Nyamuka."

Ndinamumenya mbama, koyamba m'moyo wake. Anagwira tsaya, n'kundiyang'ana ngati mmene ankandiyang'anira ali mwana akadwala malungo. Kenako anatola chikwama chake n'kumapita. Amuna anga anali pabalaza nthawi yonseyi, atagwira mutu.

Kutacha nkhani inali m'kamwam'kamwa. Kumsika azimayi ankasiya kukamba ndikafika. Kuntchito anyamata ankanong'onezana kuti mzere wachinayi wapeza mwini wake watsopano, poti nkhani ya kufunsira kuja ndinali nditaifalitsa ndekha masiku achimwemwe. Achimwene anachotsa Mzime ntchito tsiku lomwelo. Amuna anga anawasiya, osati chifukwa chowamvera chisoni, koma chifukwa tinali ndi oda yaikulu. Sukulu ina ya ana osaona inkafuna timabokosi tatsopano, tokhala ndi mabuku atsopano, teremu isanayambe.

"Amalize imeji imeneyi kaye," anatero achimwene. "Zinazo tikambirana pambuyo."

Kunyumba tinkakhala ngati anthu obwereka chipinda kwa munthu mmodzi. Ndinkawaikira chakudya patebulo n'kukadyera kukhitchini. Nthawi zina ankaima pakhomo la khitchiniyo, milomo ikugwedezeka ngati akufuna kunena kanthu.

"Mayi," ankayamba.

"Ngati ndi za mkazi wanu wamng'ono, sindikufuna kumva."

Ankabwerera. Lero ndikaganiza za kubwerera kumeneko, mtima umandiwawa kuposa china chilichonse.

5

Tsiku lopanga imeji analowa m'chipinda chawo m'mawa n'kukiya. Ntchito imene kale inkawatengera nthawi yomwera tiyi inawatengera tsiku lonse. Nkhomaliro sanadye. Atatuluka, malaya anali atanyowa ndi thukuta, ndipo anapereka khadi kwa anyamata okopera osalankhula ndi munthu.

Mwa masiku onse tinkayesa kaye khadi limodzi tisanakopere ena. Koma nthawi inali itatha, komanso imeji ya a Mizere inali isanalepherepo chiyambire. Ineyo woyesa ndinali wokwiya, sindinkafuna kugwira chilichonse chochokera m'manja mwawo. Anyamata anakopera makhadi onse, n'kuwalowetsa m'timabokosi, n'kumanga zomangira.

M'mawa mwake, galimoto ya sukulu ili panja, ndinayamba kuyatsa. Koyamba, zii. Ndinasintha mabatire, zii. Kachiwiri chimodzimodzi. Ndinayenda shelefu yonse ndikudina mabatani, koma panalibe kagetsi kamene kanawala ngakhale kamodzi. Mphunzitsi wamkulu wa sukuluyo anali ataima pakhomo ndi ndodo yake yoyera, akumvetsera.

"Mayi, sindikumva moni uja," anatero mofatsa.

Ndinatulutsa khadi limodzi n'kukaliika pa kompyuta yanga. Kudula tebulo sindinkadziwa, koma kuliona ndinkatha. Linali lathunthu, mizere 128, litagona pamwamba pa chodzutsa.

Achimwene anaitanitsa amuna anga mu ofesi, anthu onse akuonerera pawindo.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

Amuna anga anayang'ana sikirini nthawi yaitali.

"Mwina alakwitsa chabe," anatero mmodzi wa anyamata okopera. "Munthu amaiwala."

Apa ndi pamene ndinatsegula pakamwa panga, ndipo ndikanakonda likanauma lilime.

"Awa angaiwale dzina lawo, koma osati mizere inayi," ndinatero. "Ndagona nawo nyumba imodzi zaka zonsezi, amailota ndi kutulo komwe. Achita dala, chifukwa tawachotsera chibwenzi chawo."

Amuna anga anatembenuka n'kundiyang'ana. Nkhope yawo inaoneka ngati ya munthu amene wapatsidwa njira yothawira.

"Inde," anatero. "Ndachita dala."

"Ndipo za Mzime ndi zoona?" anafunsa achimwene.

Amuna anga anayang'ana pansi. "Ndi zoona."

Anatuluka pageti masana omwewo, atanyamula kapu yawo ya tiyi yokha. Kunyumba anatenga kachikwama n'kupita kwa achemwali awo, kutsidya lina la mzinda. Timabokosi tija tinatipulumutsa pokopera khadi lakale la oda yapitayo. Ana analandira mabuku akale, koma analandira.

6

Mvula inagwa n'kusiya, inagwanso n'kusiya. Nambala ya Mzime ndinaitseka pafoni. Mauthenga ake akabwera pa nambala zachilendo ndinkafufuta ndikangoona mawu akuti "Achemwali". Anabwerapo pageti la kampani, ndinauza mlonda kuti asamutsegulire. Za amuna anga sindinkafunsa, ndipo anthu anaphunzira kusawatchula pamaso panga.

Ndisakunamizeni kuti ndinali bwino. Ndinkaphika chakudya cha anthu atatu n'kuzindikira nditapakula kale. Koma mkwiyo umadyetsa munthu, ndipo ine unkandikhutitsa.

Kuntchito tinkangokopera khadi lakale lomwe lija. Kenako sukulu zinayamba kudandaula. Maphunziro anali atasintha, mabuku atsopano anali ambiri, ndipo chipinda cha mabuku pakhadipo chinali chitadzaza. Panafunika imeji yatsopano, zipinda zake zogawidwa mwatsopano. Achimwene analemba akatswiri awiri motsatizana. Woyamba anapanga imeji yooneka bwino, makina osadzuka. Wachiwiri anadula tebulo, koma anasokoneza malo a chodzutsa, ndipo ananena kuti popanda amene anayala makinawa poyamba, zimutengera miyezi.

"Miyezi tilibe," anatero achimwene. Anali ataonda, ukali uja utathera m'mapepala a madandaulo. "Odziwa ndi awiri okha padziko pano. Kwa alamu ine sindingapite. Upite kwa mng'ono wako."

"Ine? Ndikamugwadire amene uja?"

"Sukamugwadira. Ukangotenga malamulowo, ulembe papepala, ubwere."

Ndinakana masiku angapo. Chimene chinandigonjetsa ndi mphunzitsi wamkulu uja. Anaimba foni n'kunena kuti ana a kalasi lomaliza alemba mayeso pa mabuku amene sanawamvepo. Sanakalipe, anangonena basi.

Ndinanyamula laputopu ndi kabokosi kamodzi, n'kukwera basi.

7

Mzime ankagwira ntchito m'kashopu kokonza mafoni, kuseri kwa malo okwerera mabasi. Nditalowa anali ataweramira foni yotsegula, kachitsulo kowotcherera kali m'manja. Anali atachepa thupi. Atandiona anazimitsa kachitsuloko bwinobwino n'kuimirira.

"Achemwali."

"Sindinabwerere zocheza. Ndikufuna malamulo odulira tebulo."

Sanatsutse. Anatsegula laputopu, zala zake zikuthamanga ngati mmene zinkathamangira za amuna anga kale. Posakhalitsa analowetsa khadi m'kabokosi n'kudina batani. Kagetsi kobiriwira kanawala. "Moni, tiyeni tiwerenge," kanatero kabokosi.

"Anakuphunzitsa bwino," ndinatero mwachipongwe. "Ine mkazi wawo anandimana."

"Sanandiphunzitse, achemwali. Ndinachita kutolera ndekha."

"Kutolera kuti?"

"Khalani pansi. Lumbiro lija landikwana, ndipo lero simuchoka musanamve."

Ndinakhala pa kabenchi ka makasitomala, chikwama chili pamiyendo.

"Tsiku lina ndinalowa m'chipinda muja osagogoda," anayamba. "Ndinawapeza alamu atakhala, zala zili m'mwamba pa kiyibodi, osatayipa. Anandifunsa kuti, 'Mlamu, paja mizere timasiya ingati?' Ndinaseka, ndimayesa nthabwala. Nditawayang'ana ndinaona kuti akunjenjemera."

Ndinaika chikwama pansi, iye n'kupitiriza.

"Tinapita kuchipatala mobisa. Adokotala anati ndi matenda a muubongo, oiwalitsa, ndipo awayamba msanga. Anati sachira, azingopitirira. Masiku amene mutu unali bwino ankandiuza malamulo pang'onopang'ono, ine n'kumalumikiza. Imeji iliyonse ya chaka chimene chija ndinadula ndine. Kuchedwa kuja ankasochera, achemwali. Tsiku la buledi lija ndinawapeza ataima pamphambano, osadziwa kuti kwawo ndi kuti."

"Bwanji sanandiuze?" ndinafunsa.

"Ankati achimwene akamva awataya ngati chiguduli. Ankatinso inu munakwatiwa ndi mutu wawo, poti analibe china chokupatsani, ngakhale mwana. Tsiku munatipeza lija anali atangoiwala dzina lanu. Linawabwerera patapita kanthawi, koma analira ngati mwana."

"Ndiye iwe osanena, mpaka zaka?"

"Ndinalemba mauthenga, simunayankhe. Ndinabwera pageti. Achimwene ndinawauza maso ndi maso, anati ndi bodza la anthu achibwenzi, ndipo ndisadzakusokonezeninso. Kwa achemwali awo a alamu anandithamangitsa ndi tsache, akuti ndine wopasula banja."

Ndinakumbukira mawu anga mu ofesi muja, akuti awa angaiwale dzina lawo koma osati mizere inayi. Ndinali nditathamangitsa munthu yekhayo amene ankawagwirira dzanja, n'kuwasiya okha ndi kompyuta tsiku lonse, kenako n'kuwaweruza. Iwo anaona kuti kutchedwa wachiwerewere ndi wowononga n'kopepuka kusiyana ndi kunena pamaso pa achimwene kuti mutu wawo ukutha.

Ndinagwada pansi pa simenti ya shopuyo, makasitomala akuona. Mzime anandidzutsa msanga.

"Zimenezo tichita pambuyo," anatero. "Thamangani, mwina akukudziwanibe."

8

Achemwali awo a amuna anga ananditsegulira chitseko theka lokha.

"Mwabwera kudzaona ntchito ya manja anu? Munthu munamuthamangitsa ali bwinobwino, maganizo amudwalitsa."

"Alamu, anachoka akudwala kale. Ndiloleni ndilowe, ndikufotokozerani zonse."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anapatuka.

Ndinawapeza kuseri kwa nyumba, pampando wapulasitiki, pamthunzi wa khoma. Tsitsi lonse linali litayera. Malaya anali omangidwa mabatani mosemphanitsa. Pamiyendo pawo panali kiyibodi yakale yopanda waya, ndipo zala zinkayenda pamwamba pake pang'onopang'ono.

"Bambo," ndinaitana.

Anadzutsa mutu n'kumwetulira mwaulemu, mmene ankamwetulirira alendo obwera kukampani.

"Takulandirani, mayi. Mwabwera kudzatenga timabokosi?"

Ndinakhala pansi pafupi ndi mapazi awo.

"Ndabwera kudzaphunzira," ndinatero. "Akuti inu mumadziwa za tebulo."

Nkhope yawo inawala. Anayamba kufotokoza, mawu akuduka, ena akusowa. Nyumba, zipinda, chodzutsa. Pena ankaima n'kuyang'ana m'mwamba, ine n'kuwaponyera liwu, iwo n'kupitiriza mosangalala.

"Tebulo lisakule," anatero akugwedeza chala. "Likakula, makina sadzuka."

"Ndiye mumasiya mizere ingati?"

Anayang'ana zala zawo, akuzipinda chimodzichimodzi. Ndinadikira.

"Inayi," anatero.

"Bwanji inayi, zipinda zili zitatu?"

"Wachinayiwo ndi wa akazi anga." Kumwetulira kuja kunazima. "Koma ndinawalakwira, mayi. Ndinachita zoipa ndi mlamu wanga, mwana amene anamulera okha. Ndinawononganso makina a ana osaona. Ndine munthu woipa ine."

"Si zoona, bambo. Simunachite zimenezo."

"Ndi zoona. Aliyense akudziwa."

Achemwali awo anali ataima pakhomo, chikhatho chili pakamwa. Pambuyo pake anandiuza akulira kuti ankawakumbutsa nkhaniyo kawirikawiri, powakalipira kuti anataya banja labwino chifukwa cha chimasomaso. Iwonso sankadziwa. Bodza limene amuna anga anapeka kuti abise matenda linanenedwa kambirimbiri mpaka linakhazikika, pomwe choonadi chinafufutika pamodzi ndi zina zonse.

"Mukawaona akazi anga," anatero atandigwira dzanja, "mukawauze kuti ndikupepesa."

9

Ndinawatenga tsiku lomwelo. Pano tikukhala atatu ngati kale. Mzime anabwerera m'chipinda chake ndiponso kuntchito, ndipo ndiye akupanga imeji. Malamulo aja anawalemba n'kuwaphunzitsa anyamata onse, moti ana aja analandira mabuku awo mayeso asanafike. Achimwene anabwera kudzapepesa, chipewa chili m'manja, koma amuna anga anawafunsa ngati abwera kudzakonza mpope. Achimwenewo anabwerera akulira m'galimoto.

Mzime sananditonzepo za mbama ija. Ndikanakonda akanandikalipira, mwina zikanandipepukira. Chovuta n'chakuti akalowa pabalaza, amuna anga nthawi zina amatembenukira kukhoma chifukwa cha manyazi. Dzina lake analiiwala, koma manyaziwo sanawaiwale. Ndiye mwanayo amadyera kukhitchini masiku oterowo, m'nyumba ya mchemwali wake, chifukwa cha tchimo limene silinachitike.

Inu amene mukuwerenga, sindikuuzani kuti musamakayikire amuna anu kapena akazi anu, poti ena amachitadi zoipa. Changa n'chochepa. Ine ndinkanyada kuti munthu wanga ndimamudziwa kuposa wina aliyense, ndipo kunyada komweko ndi kumene ndinamuweruzira. Nditaona kuti wasintha, ndinafunsa kuti akundichita chiyani, sindinafunse kuti chikumuchitikira n'chiyani. Munthu wanu akaima pakhomo la khitchini milomo ikugwedezeka, siyani mbale mumumvere, ngakhale mutakwiya chotani. Ine mpata umenewo ndinapatsidwa kangapo, ndipo ndinaubweza ndekha.

Miyezi yoyamba ndinkalimbana nawo. M'mawa uliwonse ndinkawafotokozera kuti sanalakwe, kuti anadwala chabe, kuti wolakwa ndine. Ankamvetsera, nthawi zina n'kulira ndi chimwemwe, koma pofika masana zonse zinali zitapita, kupepesa kuja n'kuyambiranso. Adokotala anandiuza kuti ndisiye kuwatsutsa, chifukwa ndikungowatopetsa.

Ndiye masiku ano ndimachita zina. Ndikawamanga mabatani a malaya n'kuwapatsa tiyi m'kapu yawo ija, amandigwira dzanja n'kufunsa ngati ndawaona akazi awo.

"Ndawaona, bambo," ndimayankha.

"Mwawauza?"

"Ndawauza. Akuti anakukhululukirani kalekale, ndipo mzere wawo uja musaupereke kwa wina."

Amapuma mozama n'kumwa tiyi wawo. Ine ndimapita kubafa, n'kutsegula mpope kuti asandimve.